Olemba ntchito a ku Mulanje, taolokani pa Muloza mukaone

Mtima ukundiwawa ndithu. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, wakhala akukonza njinga zamoto pa Limbuli kwa zaka 5. Mwezi wathawu galaja ina pa boma idamuitana ku intavyu. Adabwereka nsapato ndi tayi, 7 koloko ali kale pabenchi, adakamulowetsa dzuwa lili paliwombo. M'katimo anthu anayi kuseri kwa tebulo, mafunso onse m'Chingerezi: MSCE adapeza mapointi angati, nanga pepala la TEVETA lili kuti. Palibe ndi mmodzi yemwe adam'patsa sipanala kuti aone manja ake. Kenaka mawu aja timawadziwa tonse: "Tikuimbirani." Mpaka lero foni ili zii.

Ndiye adaoloka malire pa Muloza kupita ku Milange, ku Mozambique. Mwini galaja kumeneko, amene anyamata amangomutcha patrão, kutanthauza bwana, sadafunse za sukulu. Adamulozera njinga ya kabaza yomwe idakana kulira. Mnyamata adagwada pafumbi, namasula kabuleta, napeza kuti yatsekeka ndi zinyalala za petulo wa m'mabotolo uja. Adaitsuka, kuiponda kamodzi njinga n'kulira. Malipiro adakambirana pompo, m'mameticais, m'Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe. Lolemba adayamba ntchito. Ku Mozambique amalemba manja, ife timalemba mapepala ndi tayi!

Ndisaname, si zonse zokoma kutsidyako. Mphwangayo sadasayine kalikonse, pangano lake n'lapakamwa, ndipo bwana akadzasintha maganizo, adzakadandaula bwanji iye wosadziwa Chipwitikizi? Kuno lamulo la ntchito la 2000 limati bwana wa antchito asanu kapena kuposerapo apereke kalata yofotokoza ntchito ndi malipiro pasanathe mwezi. Pamenepo tili bwino, pomwe lamulolo likutsatidwa.

Komabe inu eni magalaja, mashopu ndi zigayo kuyambira ku Chitakale mpaka ku Luchenza, ndikupempheni. Mukufuna makaniko? M'patseni injini yakufa. Mukufuna wogulitsa m'shopu? Muimikeni pakauntala Loweruka anthu atadzaza, muone m'mene akubwezera chenji. Mufunseni m'chilankhulo chomwe adzalankhule ndi makasitomala anu. Nenani malipiro poyera asanavutike ndi thiransipoti. Ndipo ngati simumulemba, muuzeni, ngakhale pa WhatsApp pokha. Mlongo wanga adakongola ndalama ya minibasi yopitira ku intavyu ija ku banki m'khonde, ndipo akubwezabe ndi chiwongola dzanja.