Graeme Smith ankamenya mpira monyasa, koma pa ma opener onse ine ndingatume iyeyo

Anthu akayamba kukangana za ma opener a Test kiriketi, ya masiku asanu ija, mayina amene amatuluka ndi omweomwe aja, Gavaskar, Hayden, Sehwag, Alastair Cook, ndiye Graeme Smith, kaputeni wakale wa South Africa, amangotchulidwa kumapeto ngati wongoperekeza. Ine zimenezi zimandibowa abale. Inde Cook ali ndi ma run 12,472 pomwe Smith ali ndi 9,265, palibe akukana, koma Cook anasewera ma Test 161, Smith 117, ndipo average ya Smith ya 48.25 ndi yokwera kuposa ya Cook. Koma nkhani yanga siili pa manambala amenewo kwenikweni, ili pa nthawi imene ma run amenewo ankabwera.

Kwa inu a Bullets ndi Noma amene kiriketi mumangoiona podutsa posaka tchanelo cha mpira pa SuperSport, ndikuuzeni kaye kuti opener ndi ndani. Ndi anthu awiri oyamba kulowa kukamenya, mpira udakali watsopano, wofiira, wolimba, msoko wake uli chotukuka. Mpira wotero umakhota m'malere, ukagunda pansi umapatukanso, ndipo oponya aliwiro amakhala asanatope, akubwera ndi ukali wonse. Amene amalowa pa nambala 4 kapena 5 amapeza mpira utafewa, anzawo atawavutikira kale. Ndiye Smith ntchito imeneyi magemu akwawo ankaigwirira ku Wanderers, Centurion, Kingsmead, Newlands, mabwalo amene pitch yake imakhala ndi udzu ndipo mpira umadumpha kukupeza m'nthiti. Mpake kuti average yake inali yokwera akamasewera kunja kusiyana ndi kwawo.

Kamenyedwe kake kokha ayi, tisanamizane, sikanali kosangalatsa m'maso. Chimunthu chachikulu, chamanzere, anzake ankachitchula kuti Biff, bati ankaigwira ngati akufuna kuwaza nkhuni, mpira woti wina aliyense akanaumenya mokongola kupita ku off side, mbali imene womenya wayang'ana, iye amaukoka mokakamiza kupita ku leg side, mbali ya kumbuyo kwa miyendo yake. Ukamuonera limodzi ndi Kallis kapena Amla umachita kuona kuti awa anaphunzitsidwa, uyu akungolimbana nazo. Koma scoreboard imayenda.

Tsono taonani mmene anayambira. 2003, South Africa yatuluka mu World Cup ya pakhomo pawo pomwe mochititsa manyazi, ku Durban kuja anasokoneza masamu a Duckworth-Lewis, owerengera ma run ofunika mvula ikasokoneza, pa gemu ya Sri Lanka, bala la 2000 la Hansie Cronje, kaputeni wawo amene anagwidwa ndi nkhani yogulitsa magemu, lisanapole, Shaun Pollock amuchotsa ukaputeni, ndiye akupereka timu kwa mnyamata wa zaka 22 amene wasewera ma Test 8 okha. Zaka 22 amwene, ena pa msinkhu umenewo tinali tikupemphabe ya bando kwa amayi kkkk. Mu timumo munali akuluakulu ngati Gary Kirsten, Pollock yemweyo, Kallis, Boucher, onsewa aziuzidwa zochita ndi kamwana. Miyezi yochepa apita ku England, Test yoyamba ku Edgbaston amenya 277, Nasser Hussain atula pansi ukaputeni wa England gemu itangotha. Yachiwiri ku Lord's amenya 259, kuphwanya 254 ya Don Bradman imene inakhala chiyambire 1930 ngati sikoo yaikulu ya mlendo pa bwalo limenelo. Series yonse ma run 714. Ndipo za makaputeni a England sizinathere pa Hussain, Michael Vaughan anatula pansi mu 2008 atagonja kwa Smith, Andrew Strauss anasiyiratu kiriketi mu 2012 South Africa itawamenya 2-0 n'kuwalanda mpando wa nambala 1 pa dziko lonse. Maulendo atatu, makaputeni atatu.

Koma innings (ulendo umodzi womenya) imene ine ndimaiika pamwamba si ma double century amenewo ayi (century ndi ma run 100 pa ulendo umodzi). Ndi 154 ija osatuluka ya ku Edgbaston mu 2008. Pa Test palibe chovuta ngati kuthamangitsa ma run mu innings yachinayi, pitch imakhala yang'ambika, mapazi a oponya akumba maenje, spinner akungoponyera m'maenje momwemo, ndipo kwa womenya wamanzere maenjewo amakhala pamalo oipa zedi. Ankafuna 281, anapezeka ali 93 anthu anayi atatuluka, Flintoff akuponya ngati wagwidwa ziwanda, Monty Panesar akuzungulitsa mpira mbali inayo, Smith anangokakamira pomwepo mpaka iye ndi Boucher anamaliza ntchito, South Africa n'kuwina series ku England koyamba chiyambire 1965. Miyezi ingapo pambuyo pake ku Perth akufuna 414 kwa Australia, iye n'kutsegula njira ndi 108, de Villiers ndi Duminy n'kumalizitsa. Ma century anayi ali nawo a mtundu umenewu, othamangitsa mu innings yomaliza timu n'kuwina, enawo ndi a ku Wellington 2004 ndi ku Newlands 2011, gemu yamisala ija Australia inatha yonse ndi 47. Ndipo pa ma century ake onse 27 palibe ngakhale imodzi imene South Africa inaluza gemu. Mundipezere opener wina wa mbiri imeneyo tikambirane.

Za 415 imene anamanga ndi Neil McKenzie ku Chittagong mu 2008, rekodi ya ma opener mpaka lero, sindichedwapo, inali Bangladesh ya nthawi imeneyo pa pitch yogona.

Sydney, January 2009, apa mpamene ngakhale omuda anakhala chete. Series anali atawina kale, koyamba South Africa kuwina series ku Australia, gemu yachitatuyi inalibe kanthu kwenikweni. Mitchell Johnson anamuthyola dzanja lamanzere mu innings yoyamba, chigongono cha kumanja chinali chovulala kale, palibe amene ankayembekeza kuti amenyanso, ngakhale zovala zosewerera anachita kubwereka kwa anzake. Tsiku lomaliza wiketi yachisanu ndi chinayi itagwa, patatsala ma over 8 ndi kanthu kuti gemu ithe draw, anthu anangoona munthu akutsika masitepe pa nambala 11, wachotsa pulasitala, akupita kukathandiza Makhaya Ntini. Bwalo lonse la ma Australia linaimirira kuwomba m'manja. Mpira uliwonse ukagunda bati amachotsa dzanja msanga nkhope itakwinyika, anapirira mipira 16, wa 17 Johnson yemweyo anamugwetsera wiketi patatsala mipira 10 yokha. Analuza, eya. Koma anyamata a mu timu imeneyo akanakana bwanji chimene kaputeni wotero wawauza? Nzosadabwitsa kuti kuchokera kumapeto kwa 2006 mpaka iye kupuma mu 2014 South Africa sinaluze series ya Test ngakhale imodzi kunja.

Ndipo zonsezi akuchita ali kaputeni, ma Test 109, kuwina 53, palibe wina anafikapo. Tangoganizani, wakhala tsiku lonse ndi theka padzuwa ukuganizira anthu khumi, ndani aponye, ndani aime pati, innings ikatha uli ndi mphindi 10 zokha kuti umange ma pad ukakumane ndi mpira watsopano. Hayden ndi Sehwag mtolo umenewo sanausenze zaka 11.

Sindikuti munthuyu ndi mngelo. Anzathu amene ali ku Joni mukudziwa kuti dzina lake kwa anthu akuda ambiri silikoma. Ntini anafotokoza poyera mu 2020 mmene ankakhalira yekhayekha mu timu ija, mpaka kumasankha kuthamanga wapansi kupita ku bwalo kusiyana n'kukwera basi ya timu, ndipo zaka zambiri za Ntini kaputeni anali Smith. Pa zokambirana za SJN, kafukufuku wa za tsankho mu kiriketi ya ku South Africa, mu 2021 inatulukanso nkhani ya Thami Tsolekile amene sanapatsidwe magolovesi a wicketkeeper, woima kumbuyo kwa wiketi, Boucher atavulala diso mu 2012. Oweruza oima paokha anamupeza Smith wosalakwa mu 2022, zimenezo n'zoona, komabe zimene Ntini ananena ine sindingazitaye.

Chimene chimandiwawa china ndi ichi. Lero Smith ndi bwana wa SA20, ligi ya kiriketi yachidule ija, ndipo chifukwa cha ligi yomweyo mu February 2024 South Africa inatumiza timu ya anthu osadziwika ku New Zealand kukasewera ma Test, akatswiri onse atatsala kwawo, n'kukaluza 2-0. Ndalama zikufunika, ndikumva, ndipo kaputeni Temba Bavuma ndi anzake anadzatengabe chikho cha World Test Championship ku Lord's mu 2025, opener Aiden Markram atamenya 136 pothamangitsa 282, innings ya mtundu wa Smith yeniyeni. Koma ma series a Proteas, timu ya South Africa, masiku ano ambiri ndi a magemu awiri basi. Dean Elgar anatsegula zaka zonse zija n'kupuma ali ndi ma Test 86 okha, ndiye Markram kapena wina aliyense wobwera m'mbuyomu 117 akaipeza kuti?