Matope a pa Nkula achokera m'minda mwathu

Anzanga, mvula yoyamba ikagwa, taimani pa mlatho wa Zalewa muone Shire. Madzi ali psuu ngati thobwa lamawere. Kufiirako ndi nthaka ya m'minda ya ku Ntcheu ndi ku Balaka, yomwe Rivirivi ndi timitsinje tina takokolola.

Madzi akamathamanga amanyamula katundu, akafooka amatula. Ndipo satula mwachisawawa ayi. Imayamba kutsala ndi miyala, kenako mchenga, pomwe matope osalala aja, omwe ndiye chonde chenicheni, amapita nawo kutali. Ndiye ganizani zomwe zimachitika madzi otere akafika pa damu la Nkula, pomwe amaima kaye asanalowe m'makina. Amatula pomwepo, damu n'kumakwiririka, madzi opangira magetsi n'kumachepa. A EGENCO, kampani yopanga magetsi, amavuula matopewo ndi makina, ndipo ntchitoyo ndi yofunika, koma dzinja lililonse ife timawatumizira ena.

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje zimandiwawa kwambiri. Makolo kumeneko ankadalira madzi osefukira chifukwa ankasiya matope achonde m'madimba, chimanga n'kumera popanda feteleza. Lero mapiri akumtunda ali mbee, madzi akutsika ndi ukali moti akunyamula mchenga wambirimbiri. Mtsinje wa Mwanza wadzaza mchenga, khwawa lake lakwera, ndiye mvula yochepa chabe madzi alowa kale m'midzi. Munda wokwiririka ndi mchenga wofika m'mawondo, mwini wake adzalamo chiyani? Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 tinataya pafupifupi ma megawati 130, dziko lonse linamva kuwawa. Koma mlimi wa kuchigwa amalira chaka ndi chaka ndipo sitimumva.

Mphepo nayo tisaiiwale. Mu Okutobala tikatentha mapesi posaka mbewa, munda umatsala pamtunda, kamvuluvulu n'kunyamula fumbi lonse losalala lija. Chotsala ndi dothi louma gwa, lomwe mvula ikagwa silimwa madzi, amangoyenderera.

Maganizo anga ndi akuti tachulutsa miyambo yodzala mitengo, yojambulitsa zithunzi, koma ntchito yeniyeni ili pa mzere. Mzere wotsata akalozera, wopingasa chitunda, umafooketsa madzi asanapeze mphamvu zokumba chigwembe. Ngonyeka, timizere todula pakati pa mizere, zimawagwira kuti alowe pansi. Udzu wa vetiva ukakula umasefa dothi, ndipo mukapita kumtunda kwa mzere wake pakatha zaka zingapo mupeza nthaka yatundumuka, yakuda bii, yomwe ikanakhala ili pa Nkula.

Mafumu athu, chonde, nkhani yolima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje iletsedwe ndithu. Ndikudziwa malo akuchepa ndipo dimba ndi limene likudyetsa ana, koma bango ndi nsenjere zikachoka, gombe limagumuka ndi dimba lomwelo. Alangizi a zaulimi ayendere midzi ya kumtunda mizere isanaungidwe, chifukwa ikaungidwa molunjika kumtsinje palibe amene angavomere kuigumula.