Kuno tilibe mlangizi wa zaumoyo, ndiye ntchito yake agwire ndani?

Kumudzi kolera ikabuka, mlangizi wa zaumoyo amayenda khomo ndi khomo atanyamula klorini, amfumu n'kuitanitsa msonkhano. Kuno ku Johannesburg ambirife tilibe wotigogodera. Tili ndi magulu a maliro, mipingo, mizikiti ndi magulu a WhatsApp. Maganizo anga ndi akuti gulu lomwe limatha kusonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi m'masiku ochepa, lingathenso kudzuka munthuyo akadali moyo.

Tisaiwale 2023. Anthu awiri oyamba kupezeka ndi kolera mu South Africa chaka chimenecho anali pachibale, anapita kumaliro ku Malawi n'kubwerera pa basi. Kwathu mliriwo unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu May unadzapha anthu oposa 20 ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria. Sindikuloza munthu chala ayi. Koma msewu wa ku Park Station, komwe timakwerera mabasi a kumudzi, timauyenda ndi ife, choncho tiyenera kukhala oyamba kudziwa zochita.

Chimapha anthu athu ndi kuchedwa. Munthu akutsegula m'mimba zamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, maso alowa m'kati, khungu ukalitsina silibwerera msanga, koma akuopa kupita ku kiliniki chifukwa mapepala sali bwino, kapena anamva kuti pageti pali anthu obweza alendo. Kolera sidikira mawa, imatha munthu m'maola ochepa. Ndime 27 ya malamulo aakulu a dziko lino ikunena kuti palibe woyenera kukanizidwa chithandizo chamwadzidzidzi. Ambulansi ndi 10177, kapena 112 pa foni yam'manja. Wodwala asapite yekha, gulu lisankhiretu anthu awiri olankhula bwino Chizulu kapena Chingerezi oti azimuperekeza.

Ndipo chonde, kuchipatala tiyeni tizinena zoona za komwe tikukhala ndi komwe tinayenda. Kolera ikapezeka, achipatala amatsata a m'nyumba imodzi ndi wodwalayo komanso madzi omwe amamwa. Mukapereka adiresi yabodza, akafufuza kolakwika, pomwe ana omwe mumagwiritsa nawo chimbudzi chimodzi akudwala.

Podikira galimoto, wodwala amwe. Thanzi uja ngati palibe, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizitsa, masupuni a tiyi 8 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Ambiri amachulutsa mchere, zomwe n'zoopsa kwa mwana. Lawani, asawawe kuposa misozi. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso pang'onopang'ono. Woyamwa asasiyitsidwe bere. Mapiritsi oimitsa kutsegula m'mimba ogula pa spaza (timagolosale ta m'makomboni) musawadalire, sabwezera madzi m'thupi.

Madzi akasiya kutuluka pampopi n'kumatunga pa thanki, thirani supuni ya tiyi imodzi ya Jik wosanunkhira m'malita 20 mpaka 25, mudikire mphindi zosachepera 30. Ngati ali amatope, yambani mwasefa ndi nsalu yoyera, chifukwa litsiro limatha mphamvu ya mankhwalawo. Chigubu chikhale chovindikira, ndipo musamaviikemo kapu.

Pomwe pamandidetsa nkhawa kwambiri ndi pa maliro ndi pa zinkhoswe. Beseni limodzi limazungulira anthu khumi, womaliza n'kusamba m'madzi otuwa, kenako dzanja lomwelo n'kutema nsima. Ambiri otenga kolera saonetsa zizindikiro koma amafalitsabe. Mnyamata mmodzi aime ndi jagi ndi sopo, aliyense athiridwe madzi akeake. Ngati malemuyo anamwalira ndi kolera, abale asasambitse thupi okha, asiyire azaumoyo, ngakhale zimapweteka mtima.

Atcheya ndi asungichuma a magulu, pa msonkhano ukubwerawu patulani kangachepe kogulira mapaketi a ORS (Thanzi uja), sopo ndi Jik, ndipo mulembe pa gulupo kiliniki yapafupi yomwe imatsegula usiku.