Tour de France ndi Giro d'Italia: mapiri amodzi, machitidwe awiri

France ndi Italy ndi mayiko oyandikana, ndipo malire awo amadutsa pamwamba pa mapiri a Alps. Chaka chilichonse m'mwezi wa Meyi akatswiri opalasa njinga amazungulira Italy kwa milungu itatu pampikisano wa Giro d'Italia, kenako mu Julayi ambiri mwa iwo amakapezekanso ku Tour de France. Masiku opalasa amakhala 21 kulikonse, mtunda umapitirira makilomita 3,000, ndipo wopambana ndi amene nthawi yake ya masiku onsewo, ikaphatikizidwa, ndi yochepa kuposa ya anzake. Pamalamulo palibe kusiyana kwenikweni. Koma amene watsatira mipikisano iwiriyi amadziwa kuti Afalansa ndi Ataliyana sanalere ana awowa mofanana, ndipo kaleredweko kakuonekabe mpaka lero.

Yonse iwiri inabadwa chifukwa cha malonda a nyuzipepala. Mu 1903 nyuzipepala ya L'Auto inkalimbirana msika ndi inzake ya Le Vélo. Mtolankhani wachinyamata, Géo Lefèvre, anauza mkonzi wake Henri Desgrange kuti akonze mpikisano wozungulira dziko lonse kuti anthu azigula pepala m'mawa uliwonse pofuna kumva amene akutsogola. Ananyamuka anthu 60, mtunda unali makilomita 2,428 ogawidwa m'zigawo 6 zokha, moti ankapalasa ngakhale usiku. Anafika kumapeto ndi 21. Le Vélo inatsekedwa chaka chotsatira. Chochititsa chidwi n'chakuti wopambana woyambayo, Maurice Garin, anabadwira ku Italy, m'chigwa cha Aosta, n'kudzakhala nzika ya France atakula. Ataliyana anaona phindu lake, ndipo nyuzipepala ya La Gazzetta dello Sport inathamangira kulengeza mpikisano wake isanaphangiridwe ndi inzake ya Corriere della Sera. Pa 13 Meyi 1909, kusanache, anthu 127 ananyamuka mumzinda wa Milan, ndipo Luigi Ganna, yemwe kale anali womanga nyumba, ndi amene anapambana. Jezi yachikasu ya wotsogola ku Tour inayamba mu 1919, yapinki ya ku Giro mu 1931, ndipo mitundu yake ikufanana ndi ya mapepala amene nyuzipepala ziwirizi zinkasindikizirapo.

Kufanana kukuthera pamenepo. Desgrange ankayendetsa Tour ngati kapitawo wa pa esiteti. Kwa iye mpikisano wabwino unali wolanga thupi, ndipo wopalasa sankayenera kuthandizidwa ndi aliyense. Mu 1910 anawakweza m'mapiri a Pyrenees, m'misewu yafumbi ndi miyala, ndipo Octave Lapize atafika pa chitunda cha Aubisque ali wefuwefu anakalipira oyang'anira kuti ndi zigawenga zopha anthu. Mu 1913 foloko ya njinga ya Eugène Christophe inathyoka akutsika phiri la Tourmalet. Anasenza njingayo mpaka kumudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, n'kulowa m'chipala, n'kuyamba kusula yekha oyang'anira atamuzungulira. Mnyamata wina anangomupemererako moto ndi mvukuto, ndipo chifukwa cha chokhacho Christophe anapatsidwanso chilango cha mphindi zingapo, pamwamba pa maola amene anali atataya kale. Magiya osinthira munthu ali pachishalo anawakaniza mpaka 1937, Desgrange atasiya kale chiwongolero. Ine nkhanza zoterezi sindiziyamikira, chifukwa ambiri mwa opalasawo anali ana a alimi ndi anyamata a m'migodi amene ankangofuna ndalama yodyetsera mabanja. Koma n'zoona kuti kuuma mtima kumeneku kunapatsa Tour ulemu wina: anthu anakhulupirira kuti pano lamulo silizinda munthu. Mu 1904, zitadziwika kuti panali chinyengo, anthu anayi oyambirira anachotsedwa, kuphatikizapo Garin yemwe, ndipo chikho chinapita kwa Henri Cornet wa zaka 19.

Ku Italy okonza mpikisano ankayang'ana kwambiri chimene chingasangalatse anthu oima m'mbali mwa msewu. Alfredo Binda atapambana mu 1925, 1927, 1928 ndi 1929, anaona kuti anthu ayamba kugwa ulesi chifukwa wopambana ankadziwika mpikisano usanayambe. Mu 1930 anamulipira ndalama yofanana ndi mphoto ya wopambana kuti angokhala kunyumba. Mu 1924 matimu akuluakulu atanyanyala pa nkhani ya malipiro, analola mayi wina, Alfonsina Strada, kupikisana ndi amuna. Tsiku lina anagwa, n'kufika nthawi yololedwa itadutsa, koma poona mmene anthu ankamukondera anamulola kupitiriza mpaka ku Milan, ngakhale dzina lake silinkawerengedwanso pamndandanda. Palibe mayi wina amene anapalasapo m'mipikisano ikuluikulu ya amunayi. Kuchokera mu 1946 mpaka 1951 panalinso jezi yakuda ya munthu wotsiriza, yokhala ndi mphoto yake, moti Luigi Malabrocca anatchuka chifukwa chobisala m'njira kuti anzake amupitirire. Kwa Desgrange zonsezi zikanakhala zonyansa. Kwa Ataliyana mpikisano unali nkhani ya anthu, ndipo lamulo linkapindika ngati nkhaniyo ikoma.

Kumene mtima wanga umakhala nthawi yaitali ndi pa amuna awiri, Gino Bartali ndi Fausto Coppi, chifukwa moyo wawo unadutsa mbali zonse ziwiri za malire. Bartali anali Mkatolika wolimbikira wa kufupi ndi Florence. Mu 1938 boma la Mussolini linamuletsa kupalasa Giro kuti asunge mphamvu zokagonjetsera Afalansa kwawo, ndipo anapambanadi Tour. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itavuta, ankayenda panjinga maulendo ataliatali ngati akuchita zokonzekera, koma m'mapaipi a njingayo ankabisamo zikalata zothandiza Ayuda kuthawa. Sankazinena poyera ali moyo, ndipo bungwe la Yad Vashem la ku Israel, lokumbukira Ayuda ophedwa pankhondoyo, linamulemekeza mu 2013, iye atamwalira kale. Coppi anali wocheperapo ndi zaka zisanu, wamiyendo yaitali, wokonda njira zatsopano za kadyedwe ndi kakonzekeredwe. Anapambana Giro yake yoyamba mu 1940 ali m'timu ya Bartali yemweyo monga wothandizira, kenako anapita ku nkhondo n'kugwidwa ndi asilikali a Britain ku Tunisia. Dziko lonse la Italy linagawanika pa awiriwa, m'mabanja ndi m'malo omwera khofi momwe.

Taonani mmene mayiko awiriwa anadzukira nkhondo itatha. Ataliyana sanadikire: Giro inabwerera mu Juni 1946, milatho ili yogumuka, patangopita masiku ochepa anthu atavota kuti ufumu uthe. Anaumirira kuti mpikisano ukafike ku Trieste, mzinda umene unkalimbiranidwa ndi Yugoslavia, ndipo ngakhale opalasa anagendedwa m'njira, kagulu kochepa kanakalowabe mumzindawo. Afalansa anayamba aweruza kaye. L'Auto inatsekedwa chifukwa inapitiriza kutuluka m'nthawi ya ulamuliro wa Germany, m'malo mwake munabwera L'Équipe, ndipo Tour inayambiranso mu 1947 pansi pa Jacques Goddet. Chaka chotsatira, pa 14 Julayi 1948, mtsogoleri wa chipani cha Komyunisiti ku Italy, Palmiro Togliatti, anawomberedwa ku Rome, dziko n'kutsala pang'ono kuyaka. Masiku omwewo Bartali anapambana zigawo zitatu zotsatizana m'mapiri a Alps n'kutenga Tour, patatha zaka 10 chipambanireni koyamba. Ataliyana ambiri amanena kuti uthenga umenewu unaziziritsa mitima. Mwina amawonjezera, koma kunena kokhako kukusonyeza malo amene njinga inali nawo m'dziko lawo. Mu 1949 Coppi anakhala munthu woyamba kupambana Giro ndi Tour m'chaka chimodzi, ndipo anabwerezanso mu 1952.

Afalansa sanasangalale kuona alendo akutenga chikho chaka ndi chaka. Mu 1950 pa chitunda cha Aspin, Bartali ndi Jean Robic anagwa pakati pa khamu, ndipo Bartali ananena kuti ochemerera anamumenya ndi kumuopseza. Matimu onse awiri a Ataliyana anachoka mumpikisano, ngakhale mnzawo Fiorenzo Magni anali atangovala jezi yachikasu. Okonza anasintha njira kuti asalowenso ku Sanremo, mbali ya Italy. Choncho kukondera kunalipo kumbali zonse. Kusiyana kwake n'kwakuti ku France kunkachokera kwa khamu, pomwe ku Italy okonza mpikisano enieniwo ndi amene ankakayikiridwa. Giro inakhala zaka zoposa 40 isanapambanidwe ndi mlendo, mpaka Hugo Koblet wa ku Switzerland mu 1950. Mu 1984 Laurent Fignon wa ku France, katswiri pa zitunda, ankalimbana ndi Francesco Moser, amene mphamvu zake zinali pamalo athyathyathya. Phiri lalitali la Stelvio linachotsedwa panjira ponena kuti kunagwa chipale chofewa, koma Fignon anaumirira kuti msewu unali wodutsika. Tsiku lomaliza ku Verona, lopalasa aliyense payekha, Moser anamulanda jezi, ndipo Fignon anadandaula kuti helikopita yojambula inkamuuzira mphepo kumaso. Zoona zake zonse anthu amatsutsanabe, koma mbiri yakuti Giro imakonzedwera mwana wa pakhomo inamata, ndipo inachititsa akatswiri ena akunja kuiona ngati yachiwiri.

Imfa ya Coppi imandikhudza mwapadera, ndipo ndikukhulupirira aliyense wa kuno kwathu aimva chimodzimodzi. Mu Disembala 1959 iye ndi akatswiri angapo a ku France anaitanidwa ku Upper Volta, dziko lomwe lero ndi Burkina Faso, kukachita mpikisano wachionetsero. Atabwerera kwawo, Coppi ndi Raphaël Géminiani onse anadwala. Ku France magazi a Géminiani anapimidwa, anapeza malungo, anamupatsa kwinini, n'kuchira. Uthenga unatumizidwa ku Italy, koma madokotala a Coppi anapitiriza kuchiza matenda ena. Anamwalira ku Tortona pa 2 Januwale 1960 ali ndi zaka 40. Munthu amene anagonjetsa Stelvio mu 1953 anaphedwa ndi udzudzu umodzimodzi umene umatilanda ana chaka chilichonse. Kuyambira 1965 phiri lalitali kwambiri pa Giro iliyonse limatchedwa Cima Coppi.

Pa nkhani ya ndalama, Afalansa anapambana kalekale. Mu 1930 Desgrange anayambitsa mdipiti wa magalimoto otsatsa malonda otsogolera opalasa, kuti makampani azilipira. Mu 1954 Tour inanyamukira ku Amsterdam, koyamba kunja kwa dziko, ndipo kuyambira 1975 imathera pa Champs-Élysées, kupatula mu 2024 pamene inathera ku Nice chifukwa cha masewera a Olympics. Mwezi wa Julayi ndi wa tchuthi ku Ulaya, nyengo imakhala yofunda, choncho owonera amachuluka. Kampani ya ASO, mwini wake wa Tour, ndi mwininso wa Vuelta a España, mpikisano wa ku Spain umene unayamba mu 1935. Giro, yomwe ili m'manja mwa RCS Sport, imayesetsa kukopa maso ponyamukira kutali, monga ku Belfast mu 2014, ku Jerusalem mu 2018 ndi ku Albania mu 2025. Ndalama zambirizo zinabweranso ndi manyazi ake. Tom Simpson anafera pa Mont Ventoux mu 1967 atamwa mankhwala owonjezera mphamvu, ndipo pa nkhani yomweyi ya mankhwala timu ya Festina inathamangitsidwa mu 1998, zikho 7 za Lance Armstrong n'kufufutidwa mu 2012. Italy nayo inalira Marco Pantani, amene anapambana mipikisano yonse iwiri mu 1998, anachotsedwa mu Giro ya 1999 akutsogola chifukwa cha zotsatira za magazi, n'kudzafera yekha mu hotelo ku Rimini mu 2004. Apa palibe woloza mnzake chala.

Mukandifunsa, ndimakonda Giro. Mu Meyi mapiri amakhala akadali ndi chisanu, misewu ndi yopapatiza, ndipo timu imodzi siitha kulamulira zonse mophweka. Mu 1988 Andy Hampsten anakwera phiri la Gavia m'kati mwa chipale chofewa n'kutenga jezi yapinki, ndipo mu 2018 Chris Froome, wobadwira ku Nairobi, anathawa anzake patatsala makilomita 80 pa Colle delle Finestre n'kutembenuza mpikisano wonse. Koma sindingakane kuti dongosolo la Afalansa ndi limene linamanga chinthu chachikulu komanso cholimba. Mtengo wake ndi wakuti Tour inasanduka ya dziko lonse lapansi: Mfalansa wotsiriza kuipambana ndi Bernard Hinault mu 1985. Ataliyana anapambana Giro komaliza ndi Vincenzo Nibali mu 2016, ndipo chitha chaka chimenecho anakhala zaka zambiri opanda timu yawoyawo m'gulu lapamwamba.

Mwayi umene eni nyumba ataya wagwera ena, ndipo pakati pawo pali ana a mu Africa. Daryl Impey wa ku South Africa anavala jezi yachikasu mu 2013. Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea, dziko limene linaphunzira njinga kwa atsamunda a ku Italy, anavala jezi ya wokwera mapiri ku Tour mu 2015. Biniam Girmay, wa ku Eritrea komweko, anapambana chigawo cha Giro ku Jesi mu 2022, koma chotsekera botolo la vinyo chinamugunda m'diso pa nsanja ya mphoto, n'kuchoka mumpikisano. Mu 2024 Tour inanyamukira ku Italy koyamba m'mbiri yake, mumzinda wa Florence, ndipo Girmay anapambana chigawo chachitatu ku Turin, kenako zina ziwiri ku France, mpaka kukafika ku Nice atavala jezi yobiriwira, ya wopeza mapointi ambiri pampikisano wonse.