Mbaula tikuyatsira jumbo, mwana akasowa tiloza mkazi

Amuna anzanga, izi sitikonda kuzimva, koma ndinena ndithu.

Kuno ku Ndirande banja likatha zaka zitatu popanda mphatso, maso onse amakhala pa mkazi. Apongozi amayamba manong'onong'o, ankhoswe amaitanidwa, mayi uja n'kumayendetsedwa kwa asing'anga ndi kumapemphero a usiku. Bambo ali phee, ati poti ntchito ya kuchipinda amaigwira. Akadzikayikira pang'ono, basi gondolosi. Komatu mphamvu za kuchipinda ndi kubereka n'zosiyana. Madokotala amati pa mabanja amene akusowa mwana, pafupifupi theka vuto limakhalaponso kwa mwamuna.

Pepani pakamwa, machende sachedwa kuwonongeka. Mbewu ya abambo imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ikhwime. M'machendemo muli maselo otchedwa Sertoli, amene amalera mbewu ngati nkhuku yofungatira, ndi ena otchedwa Leydig, opanga testosterone, homoni ya chimuna. Poizoni akalowa m'magazi n'kusokoneza maselo amenewa, mbewu zimachepa, zina zimatuluka zopunduka, zina zolephera kusambira. Iwe sumva kupweteka paliponse. Umuna umatuluka monga mwa masiku onse, koma ulibe mphamvu yobereketsa.

Ndiye taonani m'mene tikukhalira. M'mawa uliwonse ine ndemwe ndinkang'amba jumbo, kuiyatsa, n'kumaidonthezera pa makala nditaweramira mbaula, utsi wakuda uja ukundilowa m'mphuno. Madzulo a neba atentha zinyalala kuseri, muli mabotolo, matewera a ana, masilipasi otha. Utsi wa zoterezi umakhala ndi dioxin, poizoni amene akalowa m'thupi amakhalamo zaka. Tchipisi cha pa chiwaya chikutentha, amatiikira mu jumbo momwemo, mafuta ali chuchuchu. Mapulasitiki ambiri ali ndi mankhwala monga phthalates ndi BPA amene amasokoneza mahomoni a mwamuna, ndipo kutentha kumawathandiza kulowa m'chakudya. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, koma suzumirani mu mtsinje wa Mudi kapena pitani kotayira zinyalala ku Mzedi mukaone.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi msuweni wanga wolima tomato ku dimba. Mankhwala amatakasa ndi dzanja, amapopera atavala kabudula, sipuleya ikudontha pamsana mpaka kunyowetsa m'chiuno. Ndikamuuza amaseka, ati thupi linazolowera. Ndinamufotokozera za ku California mu 1977, kumene amuna ogwira ntchito pa fakitale ya mankhwala ophera tizilombo otchedwa DBCP anazindikira okha pocheza kuti ambiri mwa iwo sakubereka. Atayezedwa, ena anapezeka alibiretu mbewu. Mankhwala omwewo anavulazanso amuna ambirimbiri m'minda ya nthochi ku Costa Rica ndi Nicaragua. Msuweni uja anangoti, “Achimwene, amenewo ndi azungu.” Chimodzimodzi anyamata ophwanya mabatire a galimoto ndi manja: mtovu uli m'menemo ndi mdani wa mbewu.

Kafukufuku wa katswiri wa zaumoyo Hagai Levine ndi anzake wa mu 2022 anapeza kuti kuyambira 1973 kufika 2018 kuchuluka kwa mbewu mu umuna kunatsika kupitirira theka. Akatswiri amatsutsanabe pa zifukwa zake, ndipo ine sindikunena kuti aliyense wosowa mwana ndi chifukwa cha jumbo. Fodya, kachasu, matenda opatsirana osachiritsidwa bwino, zonsezi zilimo. Koma zimandinyansa kuti mkazi ayezedwe kasanu, amwe zitsamba zowawa mpaka kuwonda, mwamuna akukana kukapereka kabotolo kamodzi kokha ku labu.

Ine jumbo ndinasiya, pano mbaula ndimayatsira zisononkho ndi timitengo. Mayi a kunyumba akudandaula kuti tiyi akuchedwa, ndipo msuweni uja magolovesi amene ndinamugulira akupalasira njinga kukazizira.