Marion sanalembe buku

Anzanga, pali nkhani imene yakhala ikundidya mumtima chiyambireni semesita ino, ndiye lero ndati ndiitule pano. Ndikuphunzira mabuku a Chifalansa ku yunivesite, ndipo imodzi mwa makosi athu ndi ya mbiri ya mabuku amene munthu amalemba yekha za moyo wake, aja Afalansa amati autobiographie. Kosiyi ndimaikonda zedi. Koma kaphunzitsidwe kake kamandisiya ndi kachilonda, ndipo gwero la kachilondako ndi mtsikana wina dzina lake Marion.

Aliyense wophunzira kosiyi amadzera pakhomo la Jean-Jacques Rousseau, wolemba mabuku wa m'zaka za m'ma 1700. Zoona, analipo ena m'mbuyo mwake. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, analemba kuulula kwake m'Chilatini cha m'ma 400, koma iye ankalankhula ndi Mulungu. Montaigne anatulutsa Essais mu 1580 akudzisanthula yekha, koma sanatsate moyo wake kuchokera kuubwana. Rousseau ndiye anati: ndifotokoza zonse kuyambira tsiku lobadwa, zabwino ndi zochititsa manyazi zomwe, ndipo oweruza mukhale inu anthu anzanga. Buku lake la kuulula, Les Confessions, linayamba kutuluka mu 1782, iye atamwalira kale mu 1778, gawo lachiwiri n'kudzatuluka mu 1789.

Kumapeto kwa mutu wachiwiri wa gawo loyamba la Les Confessions kuli nkhani iyi. Mu 1728 Rousseau ali ndi zaka 16, akugwira ntchito yam'nyumba kwa mayi wina wolemera, Madame de Vercellis, mumzinda wa Turin. Mayiyo amwalira, ndipo m'chipwirikiti cha maliro mnyamatayo aba kariboni kakale, kansalu kokongoletsera. Kariboniko kapezeka kwa iye. Atamufunsa, anena kuti wam'patsa ndi Marion, mtsikana wophika m'nyumbamo. Aitanitsa mtsikanayo, Rousseau abwereza bodzalo m'maso muli gwa, pamaso pa anthu onse. Marion akana, alira, am'chonderera kuti anene zoona, koma iye osasuntha. Onse awiri achotsedwa ntchito.

Patapita zaka pafupifupi 40, Rousseau akulemba kuti mlanduwu sunam'choke pamtima. Kenako akufotokoza kuti sanali ndi cholinga choipa, kuti anatchula Marion chifukwa mtsikanayo anali m'maganizo mwake, popeza kariboniko ankafuna kupatsa iyeyo, ndipo kuti chinam'manga pakamwa ndi manyazi.

M'kalasi mwathu tinakhalitsa pa ndime imeneyi. Tinakangana ngati Rousseau analapadi kapena ankangodziyeretsa, tinayang'ana mmene amasanjira ziganizo kuti wowerenga amumvere chisoni, tinayerekeza ndi mmene anabwererera ku nkhani yomweyi m'buku lake lomaliza. Zonsezo n'zofunika, sindikutsutsa. Koma palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti mtsikana wantchito wochotsedwa ndi mbiri ya kuba, kutali ndi kwawo, anakagona kuti usiku umenewo. Ife amene tikudziwa chimene chimachitikira mtsikana wam'nyumba akanenedwa kuti ndi wakuba, funso limeneli silitichedwa kufika. Ndani angamulembenso ntchito? Rousseau mwiniwake amavomereza kuti sanadziwe kumene mtsikanayo anathera, ndipo n'kutheka kuti bodzalo linamugwetsera m'mavuto aakulu. Iye anatuluka m'nkhaniyi ndi ndime yotchuka imene ophunzira akuilemberabe mayeso mpaka lero. Marion anatuluka ndi kamtolo ka zovala zake.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Mbiri ya mabuku amenewa isamaphunzitsidwe ngati mzere wa mayina akuluakulu ndi zaka zawo, kapena ngati mpikisano wa amene ananena zoona kuposa mnzake. Funso loyenera kuyenda nalo kuyambira tsiku loyamba ndi lakuti: m'nthawi iliyonse, ndani anali ndi mpata wolemba kuti "ine", ena n'kumumvera? Ukafunsa choncho, kosi yonse imasanduka ina. Montaigne anali ndi minda ndi nsanja yake yodzaza mabuku, mmene ankadzitsekera n'kumaganiza. Chateaubriand, amene Mémoires d'outre-tombe yake inatuluka atamwalira mu 1848, anali wa banja la olemekezeka, anakhalapo kazembe ndi nduna. Rousseau, mwana wa wokonza mawotchi wa ku Geneva, anatsegulako chitseko pang'ono, chifukwa anaonetsa kuti ubwana wa munthu wamba ndi nkhani yoyenera buku. Pamenepo ndimamupatsa ulemu wake. Koma chitsekocho anadutsapo ndi iye, wophika uja n'kutsala panja. Ngakhale George Sand, mayi amene analemba Histoire de ma vie m'zaka za m'ma 1850, ankasindikiza mabuku ake pa dzina lachimuna.

Tinaphunziranso za Philippe Lejeune, katswiri wa mabuku wa ku France, amene mu 1975 anafotokoza chimene anachitcha pangano la autobiographie: dzina lili pachikuto, munthu amene akusimba nkhani, ndi munthu amene nkhaniyo ikukamba, akhale mmodzi, ndipo wolembayo akulonjeza wowerenga kuti ayesetsa kunena zoona. Ndi mfundo yothandiza kwambiri, imakuthandiza kusiyanitsa buku lotere ndi nthano yopeka. Koma panganolo lili pakati pa anthu awiri okha, wolemba ndi wowerenga. Nanga makolo, akazi, ana, antchito amene alowetsedwa m'bukumo? Palibe amene anawafunsa. Thérèse Levasseur anabereka ana asanu ndi Rousseau, onse n'kukasiyidwa ku nyumba ya ana otayidwa ku Paris, ndipo zifukwa zake timazimva kuchokera pakamwa pa bamboyo basi.

N'chifukwa chake mtima wanga unakhala pansi titafika pa Annie Ernaux, mayi wolemba mabuku wa ku France, ngakhale tinam'fikira mothamanga semesita ikutha. Makolo ake anali ndi kagolosale kophatikiza ndi malo omwera khofi ku Yvetot, m'chigawo cha Normandie. Bambo ake anayamba ndi kugwira ntchito m'minda ya eni, kenako mufakitale. Anamwalira mu 1967, patangopita miyezi iwiri mwana wawo atakhoza mayeso a uphunzitsi. Mu La Place, imene inatuluka mu 1983, Ernaux akulemba za bambo akewo ndi za phompho limene sukulu inakumba pakati pa iye ndi iwo. Anakana dala kukometsera chilankhulo, nasankha kulemba mosalala ngati mmene ankalembera makalata opita kwa makolo ake, poopa kuwasandutsa chinthu choti anthu ophunzira azichiyang'ana ndi chifundo kapena chiseko. Ine pamenepa ndinaona wolemba amene akudziwa kuti cholembera chake chikhoza kupweteka munthu yemwe sangathe kuyankha. Atalandira mphoto ya Nobel mu 2022, ndinaona ngati anthu a kukhitchini ndi kuseri kwa kauntala alowako pang'ono m'chipinda chochezera.

Lejeune yemwe uja nayenso anadzaona kuti mabuku osindikizidwa sakwanira. Mu 1992 anali m'gulu la anthu amene anayambitsa bungwe la APA, limene limalandira ndi kusunga zolemba za anthu wamba zosasindikizidwa, mbiri za moyo wawo, madayale ndi makalata, ku tauni ya Ambérieu-en-Bugey. Zimenezi m'kalasi zinangotchulidwa modutsa. Ine ndikanakhala wokonza kosiyi, ndikanapatula masabata awiri athunthu kuti ophunzira awerenge zolemba zoterezi pambali pa Rousseau ndi Chateaubriand, aone kusiyana kwa munthu wolembera mibadwo yam'tsogolo ndi munthu wongolembera adzukulu ake.

Sindikunena kuti Rousseau achotsedwe pa silabasi, ayi. Popanda iye sitikanamva n'komwe dzina la Marion. Chimene ndikupempha n'chakuti tikamawerenga munthu akuulula tchimo lake, tizikwezako maso kuyang'ana amene analakwiridwayo, osangotengeka ndi kukoma kwa kuululako.

Ntchito yolemba ya kumapeto kwa semesita ndasankha kuilemba pa Marion. Aphunzitsi anandichenjeza kuti zopezeka za iye n'zochepa, ndipo akunena zoona. Tikudziwa kuti anali wa ku Maurienne, kumapiri a Savoie, kuti ankaphika bwino msuzi wa mayi wodwala uja, kuti anthu m'nyumbamo ankamudziwa ngati wokhulupirika, ndi kuti tsiku limenelo sanatukwane womunamizirayo. Zonsezi anatiuza ndi munthu yemwe anam'namizira. Ndawerenga masamba amenewo kasanu tsopano, ndipo mawa ndiyamba kulemba.