Si notary aliyense angakupatseni laisensi yaukwati wachinsinsi

Ndi zoona kuti ku California, m'dziko la America, ma notary (anthu a chidindo ololedwa ndi boma kutsimikizira masiginecha pa zikalata) amatha kupereka laisensi yaukwati wachinsinsi, koma abale musamve ngati aliyense wa chidindo angakupatseni ayi. Notary akuyenera kaye kufunsira ku ofesi ya County Clerk (mlembi wa boma) ya dera lake, alipire 300 dollars, akhale pa kozi imene ofesiyo imaphunzitsa yosapyola maola 6, ndiye apatsidwe chilolezo, ndipo chimagwira chaka chimodzi basi, chikatha alipirenso. Ma laisensiwo amakagula kwa Clerk yemweyo, akaphwanya malamulo amamulanda chilolezocho.

Ine ndikugwirizana nako kukhwimitsa kumeneku. Taganizani, ukwati umenewu sufuna mboni ngakhale mmodzi, ndipo pepala lake likasungidwa amene angatenge kope ndi eni ake awiriwo basi, wina aliyense mpaka khothi lilamule, ndiye ngati wolembayo ali wachinyengo kapena wosadziwa ntchito yake angamugwire ndani? Kwathu kuno amalengeza kutchalitchi masabata atatu, ankhoswe ali pompo, wina akadziwa kuti mkwatiyo ali ndi mkazi kale amaimirira n'kunena. Kumeneko zonsezi zatsamira pa munthu mmodzi amene akuyang'ana ma ID patebulo pake.

Komanso malamulo akuti onse awiri akhale a zaka 18 kupita mmwamba, osakwatira, komanso akukhala kale nyumba imodzi ngati banja. Laisensi imatha pakadutsa masiku 90. Anzathu amene muli uko chonde kafunseni kaye kwa Clerk ngati notary wanuyo ali pa mndandanda wa ololedwa musanamupatse ndalama.